Mwana wa chithokomiro akagwa chikope, tisathamangire mankhwala a masiku onse

Akonzi,

Tiloleni tiyankhuleko ndi makolo, aphunzitsi ndi anzathu ogwira ntchito m'zipatala za matenda awiri amene nthawi zina amakumana mwa mwana mmodzi. Oyamba ndi myasthenia gravis, amene amafoola minofu. Achiwiri ndi matenda a Graves, amene amachititsa chithokomiro kugwira ntchito mopyola muyeso. Ana odwala onse awiri si ambiri, ndipo ngozi yake yagona pomwepo. Wachipatala amagwira amodzi, enawo n'kumudutsa, kenako n'kupereka mankhwala amene tonse tinazolowera, osadziwa kuti kwa mwana ameneyu angathe kudula mpweya.

Gwero la matenda onsewa ndi limodzi: chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake. Mu myasthenia, ma antibody, amene ndi zida za chitetezocho, amatseka ndi kuwononga malo amene mtsempha umaperekera uthenga kwa mnofu. Uthengawo umanyamulidwa ndi acetylcholine, ndipo malo olandirira akachepa, mnofu umagwira bwino poyamba, n'kutha mphamvu ukagwiritsidwa ntchito mobwereza, n'kudzatsitsimuka ukapuma. Mu Graves, ma antibody amakankha chithokomiro kuti chizitulutsa mahomoni a T4 ndi T3 osalekeza, thupi lonse n'kumathamanga. Pafupifupi mmodzi mwa odwala myasthenia 10 alionse amakhalanso ndi vuto la chithokomiro lochokera ku chitetezo cha m'thupi. Choncho mwana aliyense amene wapezeka ndi myasthenia ayezedwe T4 ndi TSH (homoni yolamula chithokomiro, imene imatsika chithokomirocho chikathamanga) tsiku lomwelo, ndipo azibwerezedwa ngakhale zoyamba zitatuluka bwino.

Mwana wa Graves amaonda pamene akudya ngati wamkulu. Amatuluka thukuta ngakhale mu June, amakana bulangete, manja amanjenjemera, amatsegula m'mimba pafupipafupi, sagona tulo, amapsa mtima msanga, zolemba zake zimasokonekera, ndipo ena amayambiranso kukodza pogona. Atsikana otha msinkhu, amene ndiwo amadwala kwambiri, msambo umachepa kapena kusowa. Mwana wotere kuno timamuyeza HIV, chifuwa chachikulu ndi shuga, ndipo n'zoyenera. Koma zikatuluka kuti palibe, gwirani pakhosi, mumumwetse madzi muone ngati chotupacho chikukwera pomeza, ndiponso muwerenge kugunda kwa mtima ali mtulo. Mwana wa sukulu amene mtima wake ukugunda kopitirira 100 pa mphindi ali gone, thupi lisakutentha, chithokomiro chake chiyezedwe. Chithokomiro cha mtundu uwu si cha kusowa ayodini. Kuwonjezera ayodini sikuchiza, kutemera mphini pakhosi sikuchiza, ndipo banja lisasiye mchere wa ayodini umene limadya nthawi zonse.

Tsono tiime pa maso, popeza ndi pamene matenda awiriwa amabisalirana. Graves amakokera chikope cham'mwamba kumwamba, diso n'kuoneka lotong'oka, choyera chikuonekera pamwamba pa chakuda. Diso limafiira, limanyerenyetsa ngati mwalowa mchenga, limatupa kwambiri m'mawa. Graves sagwetsa chikope. Mwana wa chithokomiro akagwa chikope, muganize za myasthenia mpaka mutatsimikiza kuti palibe. Chikope cha myasthenia sichipweteka, m'mawa chimakhala bwinoko, chimagwa dzuwa likamapendeka, ndipo chimatha kusintha mbali, lero kumanja, sabata yamawa kumanzere. Mwana amapendeketsa mutu chagada kapena kukweza nsidze kuti aone. Wamkuluko amanena kuti akuona zinthu ziwiriziwiri, wamng'ono amangotsinzina diso limodzi. Diso likapotokera kunja, nalonso likuloza ku myasthenia, chifukwa la Graves kawirikawiri limakokedwera pansi kapena mkati. Kamwanadiso kamayankha kuwala bwinobwino mu myasthenia. Kakakhala kakakulu mbali imodzi, kosayankha tochi, imeneyo ndi nkhani ina ya mu ubongo ndipo mwanayo atumizidwe msanga.

Pali zoyeza zosafuna makina. Muuzeni mwana ayang'ane chala chanu m'mwamba kwa mphindi imodzi kapena ziwiri osatsitsa maso. Chikope cha myasthenia chimatsika pang'onopang'ono inu mukuona. Muuzeni atsinzine mwamphamvu, inu muyese kutsegula ndi zala. Zikatseguka mosavuta, minofu yotseka diso yafooka, ndipo Graves sachita zimenezo. Kenako tengani chimodzi mwa zoziziritsira katemera zija zili pa chipatala chilichonse, muchikulunge kansalu kopyapyala, muchiike pa chikope chotseka kwa mphindi 2. Yezani mpata wa pakati pa zikope ndi rula musanaike ndiponso mutangochotsa. Ukawonjezekera ndi mamilimita 2 kapena kuposa, muganize kwambiri za myasthenia. Kuzizira kumachedwetsa kuphwanyidwa kwa acetylcholine, ndiye chikope chimadzuka kwa kanthawi. Jambulani ndi foni musanayese ndi mutayesa, ndipo makolo ajambulenso kunyumba m'mawa ndi madzulo. Zithunzi zimenezo zimathandiza dokotala kuposa kulongosola kwa pakamwa.

Kuyeza ma antibody olimbana ndi malo olandirira acetylcholine aja m'magazi kumatsimikiza, koma ana ambiri osatha msinkhu, makamaka amene matenda ali m'maso mokha, magazi awo satulutsa kanthu. Zotsatira zopanda kanthu zisakuchititseni kumubweza mwana amene zizindikiro zake zili poyera.

Kufooka kwa thupi nakonso kumasokoneza, chifukwa chithokomiro chothamanga pachokha chimafoola ntchafu ndi mapewa: mwana amalephera kudzuka atanyonyomala, amavutika kukwera chitunda. Kusiyana kwake n'koti kufooka kwa chithokomiro kumakhala chimodzimodzi tsiku lonse, pamene kwa myasthenia kumakula ndi ntchito. Mwana amayamba kudya bwino, pakati pa mbale nsagwada n'kulema. Mawu amayamba omveka, akawerenga ndime imodzi n'kuyamba kutulukira m'mphuno. Madzi amabwerera m'mphuno, amatsamwa, mutu umagwera kutsogolo. Mwana wa chithokomiro akangodzuka miyendo itaferatu mwadzidzidzi, yezaninso potaziyamu, chifukwa akatsika kwambiri amapuwalitsa kwa maola angapo, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Pa kasamalidwe, chinthu choyamba kuchigwira ndi ichi: myasthenia imakula chithokomiro chikathamanga, imakulanso chikazilala mopyola. Sitifuna kuchigwetsa msangamsanga, tifuna kuchiika pakati n'kuchisunga pomwepo. Milingo imene titchule apa ndi ya achipatala. Makolo asasinthe okha.

Mankhwala a chithokomiro ndi carbimazole. Mlingo wake umakhala pakati pa 0.25 ndi 0.75 mg pa kilogalamu iliyonse ya mwana pa tsiku, molingana ndi kukwera kwa T4, ndipo angathe kumwedwa kamodzi patsiku. Mwana wa makilogalamu 30 woyamba pa 0.5 mg amamwa 15 mg, amene ndi mapiritsi atatu a 5 mg. Mankhwalawa amaletsa kupanga mahomoni atsopano koma sachotsa amene asungidwa kale m'chithokomiro, nchifukwa chake kusintha kumaoneka pakatha masabata angapo. Magazi abwerezedwe pakatha masabata 4, ndipo T4 akafika pabwino mlingo utsitsidwe ndi gawo limodzi mwa atatu kapena theka. Pano pamalakwika kawirikawiri: TSH imakhalabe yotsika kwa miyezi ingapo ngakhale T4 atabwerera m'malo. Woyang'ana TSH yokha amaganiza kuti mankhwala achepa, amawonjezera, mwana n'kugwera mbali inayo: kuzizidwa, kudzimbidwa, kutupa nkhope, zikope n'kugweratu. M'miyezi yoyamba tsatirani T4. Zikakhazikika, kuyeza kwa miyezi 3 iliyonse kumakwanira. Makolo auzidwe pachiyambi pomwe kuti ulendowu ndi wa zaka, kawirikawiri zosachepera 3, ndipo ana ambiri osiyitsidwa pakatha zaka 2 matenda amawabwerera.

Propylthiouracil, mankhwala ena a chithokomiro, asapatsidwe ana mwachisawawa. Anawononga ziwindi za ana mpaka ena kumwalira, ndipo mu 2010 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linaika chenjezo lalikulu pa mankhwalawa.

Carbimazole nayenso ali ndi ngozi yake, yosachitikachitika koma yakupha: amatha kugwetsa asilikali a m'magazi otchedwa ma neutrophil, makamaka m'miyezi 3 yoyamba. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, zilonda zapakhosi kapena zam'kamwa. Lamulo lake ndi lachidule: mwana asiye carbimazole, apite kuchipatala tsiku lomwelo, awerengedwe magazi. Kwathu kuno kutentha thupi timati malungo, timayeza pachala, timapereka LA, mwana n'kubwerera kunyumba. Kwa mwana wa carbimazole zimenezo sizikwana. Ngakhale malungo atapezekadi, magazi awerengedwebe. Ma neutrophil akatsika pansi pa 500 pa maikulolita, mwana agonekedwe, ndipo asadzapatsidwenso carbimazole ngakhale propylthiouracil. Werenganinso magazi musanayambe mankhwala, chifukwa anthu ambiri a ku Africa kuno mwachibadwa amakhala ndi ma neutrophil ocheperako popanda vuto lililonse, ndipo popanda chiwerengero choyambira mudzasiyitsa mankhwala pachabe. Maso achikasu, mkodzo wakuda kapena kupweteka kwambiri kwa pamimba nazonso n'zosiyitsa mankhwala. Tiwengo tochepa toyabwa kawirikawiri timatha. Kwa mtsikana wotha msinkhu nkhani ya mimba ikambidwe poyera, mayi kapena azakhali ali pomwepo ngati iye afuna, chifukwa carbimazole angathe kulemaza khanda m'miyezi yoyamba ya pathupi.

Mtima ukamathamanga mwa wodwala Graves, dzanja la dokotala limapita lokha pa propranolol, mankhwala ochepetsa liwiro la mtima. Kwa mwana wa myasthenia liyenera kuima kaye. Mankhwala a gulu limeneli amatha kuwonjezera kufooka. Ngati mtima ukuthamanga koma mwana akupirira, mulekeni, carbimazole agwire ntchito yake. Ngati ukuthamanga moopsa, perekani mwana ali m'chipatala, pa mlingo wotsika, makamaka atenolol kuyambira pa 0.5 mg pa kilogalamu pa tsiku, mukuyang'ana kupuma ndi kumeza, ndipo muwasiye mankhwalawa T4 akangokhazikika. Wa mphumu asapatsidwe propranolol n'komwe. Verapamil si pothawira, nayenso amafoola. Madontho a m'maso a timolol ali m'gulu lomwelo ndipo amalowa m'magazi.

Mbali ya myasthenia imayamba ndi pyridostigmine. Iyeyu sachiza matenda, amangochedwetsa kuphwanyidwa kwa acetylcholine kuti uthenga ufike. Mlingo ndi 0.5 mpaka 1 mg pa kilogalamu pa kumwa kulikonse, maola 4 mpaka 6 alionse mwana ali maso, osapitirira 7 mg pa kilogalamu pa tsiku. Piritsi lake lodziwika ndi la 60 mg, ndiye mwana wa makilogalamu 30 uja amayamba ndi kota, n'kukwera kufika theka, kanayi patsiku. Mankhwalawa amayamba kugwira pakatha mphindi 30 kapena kuposerapo pang'ono, n'kutha mphamvu pakatha maola 3 kapena 4. Apa pali nzeru ya kukhitchini: amwe mphindi 30 mpaka 45 asanadye, kuti nsima ifike nsagwada zili ndi mphamvu. Mankhwalawa akachuluka amapotokola m'mimba, amatsegula m'mimba, amachulukitsa malovu ndi thukuta, minofu imaphiriphitha, kamwanadiso kamachepa, ndipo mapeto ake amafoola minofu yomwe amayenera kuithandiza. Amene anaonapo munthu womwa tameki azizindikira, popeza kagwiridwe kake n'kofanana, ndipo chobweza malovu ndi kutsika kwa mtima ndi atropine. Chosokoneza n'choti kutsegula m'mimba ndi thukuta ziliponso mu Graves. Yang'anani nthawi: za pyridostigmine zimabwera ola limodzi atamwa n'kutha, za chithokomiro zimakhala tsiku lonse.

Pyridostigmine akalephera, kapena ngati kumeza ndi kupuma kwakhudzidwa, pamafunika prednisolone, mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi. Pa maso tisazengereze kwambiri. Profesa Jeannine Heckmann ndi anzake a ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town anaonetsa mu 2007 kuti odwala ena a makolo a ku Africa, makamaka amene matenda anawayamba ali ana, minofu ya maso awo imauma n'kukana mankhwala, ndipo ntchito yawo ya pambuyo pake inaonetsa kuti oyamba msanga mankhwala ochepetsa chitetezo maso awo amachira bwino. Mwana wosakwana zaka 8 ali ndi ngozi inanso: chikope chikaphimba kamwanadiso kwa miyezi, ubongo umasiya kugwiritsa ntchito disolo, ndipo lingathe kusadzaonanso bwino ngakhale chikope chitadzuka. Aonedwe ndi a maso, monga a Lions Sight First ku Blantyre ndi ku Lilongwe kapena a ku Nkhoma.

Prednisolone ali ndi khalidwe lodabwitsa mu myasthenia: akayambidwa pa mlingo waukulu, mwana amatha kufookeratu m'masabata 2 oyamba asanayambe kuchira. Nchifukwa chake wongobwera kudzalandira mankhwala n'kubwerera kunyumba timamuyamba pansi, pa 0.5 mg pa kilogalamu modumphitsa tsiku, n'kumakweza pang'onopang'ono kufika 1 kapena 1.5 mg modumphitsa tsiku, kapena 1 mg tsiku lililonse osapitirira 60 mg. Wofunika mlingo waukulu msanga agonekedwe. Musanayambe, funsani za chifuwa chachikulu m'banjamo, jambulani pachifuwa, yezani HIV, hepatitis B ndi shuga, ndipo perekani mankhwala a njoka za m'mimba. Prednisolone amathandizako ku chithokomiro, chifukwa amachepetsa kusanduka kwa T4 kukhala T3 ndi kutupa kwa maso, koma mafupa amalipira kawiri: chithokomiro chothamanga chimawafewetsa, prednisolone nayenso amawafewetsa. Mwana alandire kashiamu ndi vitamini D, ayezedwe msinkhu, sikelo ndi BP pa ulendo uliwonse. Akakhala pafupi ndi wodwala katsabola kapena chikuku abwere kuchipatala osadikira zizindikiro, ndipo katemera wa tizilombo tamoyo adikire. Prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi. Mwana akamasanza n'kulephera kumeza mapiritsi, afunika jakisoni wa hydrocortisone tsiku lomwelo.

Pofuna kuchepetsa prednisolone timawonjezera azathioprine, kuyambira pa 1 mg pa kilogalamu kufika 2 kapena 2.5 mg, ndipo phindu lake limaoneka pakatha miyezi 6 mpaka 12. Vuto n'loti nayenso amagwetsa asilikali a m'magazi n'kuvuta chiwindi, chimodzimodzi carbimazole, ndipo Bactrim amawonjezera pomwepo. Musayambe awiriwa sabata imodzi, chifukwa magazi akagwa simudzadziwa wolakwa. Lolani carbimazole adutse miyezi yake yoyamba, ndipo mukayamba azathioprine muziwerenga magazi sabata iliyonse mwezi woyamba.

Tsopano mankhwala amene ali m'kabati ya wodi iliyonse. Gentamicin, amene timamuphatikiza ndi penicillin pa chibayo ndi matenda a m'magazi, amatseka uthenga pa malo omwe aja myasthenia yawononga kale. Achibale ake, streptomycin ndi amikacin, n'chimodzimodzi. Ciprofloxacin ndi levofloxacin, erythromycin ndi azithromycin, kwinini ndi chloroquine, komanso magnesium sulphate wa mu dilipi amene timapereka pa mphumu yoopsa, onsewa angathe kugwetsa mwana amene anali kuyenda yekha. Njira zina zilipo. Amoxicillin, benzylpenicillin ndi ceftriaxone n'ngabwino. Pa malungo LA ndi wololedwa, ndipo pa malungo aakulu jakisoni wa artesunate ndiye woyenera kale. Taganizani mmene msampha umatcherekera: mwana wa carbimazole watentha thupi, asilikali agwa, ndipo mwachizolowezi akulandira gentamicin. Tsiku lachiwiri akupuma movutikira, aliyense akuti chibayo chakula, pamene ndi minofu yopumira imene yagona. Sitikunena kuti mwana asiyidwe kufa ndi tizilombo poopa mankhwala. Ngati palibiretu ena, aperekedwe, koma namwino ndi chikwama chopopera mpweya zikhale pambali pa bedi. N'chimodzimodzi diazepam pa kukomoka.

Kulephera kupuma kwa myasthenia n'kwachinyengo chifukwa mwana sabanika mwaphokoso. Amangokhala chete, akupuma mofulumira koma mosazama. Kachipangizo ka pachala koyeza okosijeni kamaonetsa 96 kapena 97 mpaka mochedwa, chifukwa vuto si mapapu koma minofu, ndipo mpweya woipa umaunjikana kaye okosijeni asanatsike. Musakadalire. Mwana wodziwa kuwerenga apume mozama kamodzi n'kuwerenga mokweza monga amachitira kusukulu, manambala awiri pa sekondi. Wathanzi amadutsa 30. Wolephera kufika 20 ali pangozi, ndipo chiwerengero chimene chikutsika ola ndi ola n'choopsa kuposa chotsika chimene chaima. Mugoneke chagada, akweze mutu inu mukukankha pachipumi: khosi likafooka, minofu yopumira nayo yafooka. Mverani kutsokomola kwake ngati kuli ndi mphamvu, onani ngati malovu akudikha m'kamwa, onani ngati mimba ikulowa mkati pokoka mpweya m'malo motuluka. Wotere asadyetsedwe pakamwa. Akhale tsonga, apopedwe malovu, aikidwe chubu cha m'mphuno chodyera ndi kumwera mankhwala, ndipo atumizidwe kumene kuli makina othandiza kupuma, monga ku Mercy James pa Queen Elizabeth ku Blantyre, mutaimba foni kaye. Mu ambulansi mukhale wodziwa kupopa mpweya. Kumene kuli choyezera mpweya wa m'mapapu, 20 ml pa kilogalamu ndiwo malire. Mankhwala a nthawi imeneyi ndi immunoglobulin wa mu dilipi, magalamu 2 pa kilogalamu ogawidwa m'masiku 2 mpaka 5, kapena kusefa madzi a m'magazi. Kuwonjezera pyridostigmine pamenepa kumangodzaza malovu pakhosi.

Ngozi inzake ndi chithokomiro kuphulika ukali: thupi kutentha kwambiri, mtima kuthamanga moopsa, kusanza, kutsegula m'mimba, kubwebweta. Zimayambitsidwa ndi matenda ena, opaleshoni kapena kusiya carbimazole, ndipo zingathe kubwera limodzi ndi kulephera kupuma kuja. Dongosolo lake n'lofunika: mankhwala oletsa chithokomiro ayambe, madontho a ayodini a Lugol atsatire pakatha ola limodzi, chifukwa ayodini akatsogola amasanduka zipangizo zopangira mahomoni ena. Perekani hydrocortisone, madzi, ndipo ziziritsani thupi. Pa kutentha perekani panado. Aspirin ayi, chifukwa amamasula T4 womangidwa m'magazi n'kuwonjezera moto.

Za opaleshoni tinene ziwiri. Kuseri kwa fupa la pachifuwa kuli kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kamachotsedwa mwa ana ena a myasthenia ya thupi lonse amene ma antibody awo apezeka. Koma Graves payekha amakulitsa thymus, ndipo imabwerera chithokomiro chikakhazikika. Kuwonjezera apo, mwa ana imakhala yaikulu kale mwachibadwa, ndipo chotupa chenicheni cha thymus n'chosowa mwa iwo. Ngati chithunzi sichikuonetsa zokayikitsa, dikirani miyezi 6 chithokomiro chili bwino, mujambulenso. Mankhwala obaya pojambula CT ali ndi ayodini wambiri, ndiye asaperekedwe mwa mwana amene chithokomiro chake sichinagwiridwe. Chachiwiri, opaleshoni iliyonse, ngakhale yochotsa chithokomiro chenichenicho, idikire T4 akhale pabwino ndipo myasthenia ikhazikike. Wogonetsa odwala auzidwe, chifukwa mankhwala ofewetsa minofu monga vecuronium ndi atracurium amagwira mwana ameneyu mopyola, pamene suxamethonium amachita kukanika. Chithokomiro chikachotsedwa, yang'anirani kashiamu ndi mawu, ndipo levothyroxine, wolowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, ayambe nthawi yomweyo, wa moyo wonse. Amwedwe m'mimba mulibe kanthu, theka la ola asanadye, motalikirana maola 4 ndi mapiritsi a kashiamu kapena a ayironi. Soya wa m'Likuni Phala nayenso amachepetsa kulowa kwake. Ayodini wa radiation, wopsereza chithokomiro, saperekedwa kwa mwana wosakwana zaka 5 ndipo amatha kukulitsa kutupa kwa maso.

Kunyumba vuto lalikulu ndi chakudya. Chithokomiro chikufuna zambiri, nsagwada zikukana. Mpatseni pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku, chakudya chachikulu chikhale cha masana osati chamadzulo. Phala lothira nsinjiro, nsima yofewa yonyowetsa ndi msuzi, mazira, usipa wosinja, mapeyala, nthochi zakupsa. Chimanga chokazinga, nzimbe ndi nyama yolimba zidikire. Madzi ndiwo amatsamwitsa kwambiri, choncho amwe pang'onopang'ono atakhala tsonga, chibwano chitaweramira pansi. Kutentha kumakulitsa kufooka, ndiye mu October ndi November asayende mtunda dzuwa lili paliwombo, asasenze ndowa khosi likakhala lofooka, ndipo asasambe yekha mumtsinje kapena m'nyanja. Aphunzitsi, mwana wotere si waulesi ndipo sakugona m'kalasi. Mukhazikeni kutsogolo, muloleni amwe mankhwala ake a masana pa nthawi yake, ndipo musamupatse chibalo cholima kapena kuthamanga.

Pempho lathu kwa anzathu ndi lotsika mtengo. Pa tsamba loyamba la buku la kuchipatala la mwana ameneyu palembedwe ndi zilembo zazikulu mayina a matenda onse awiri, mankhwala amene akumwa ndi milingo yake, sikelo yake, mndandanda wa mankhwala oletsedwa aja, lamulo la kutentha thupi, chiwerengero chake cha kupuma kumodzi ali bwino, ndi nambala ya foni ya wodi imene imamudziwa. Mayi kapena bambo aphunzitsidwe kutsegula tsamba limenelo asanalandire jakisoni aliyense, ngakhale usiku, ngakhale wachipatala akuoneka wotanganidwa, ndipo asagule mankhwala a tizilombo pagolosale. Kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi a Central Medical Stores Trust tikupempha kuti pyridostigmine, amene ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO, ndi carbimazole azifika mpaka m'zipatala za m'maboma, pamodzi ndi zoyezera TSH ndi T4. Makolo abwere kudzatenga ena kukadali mapiritsi a sabata yathunthu. Pyridostigmine akasowa, piritsi la neostigmine la 15 mg limalowa m'malo mwa la 60 mg, koma limatha mphamvu msanga ndipo limavuta m'mimba kwambiri, choncho kusinthako achite ndi dokotala, mwana akuonedwa.

Ndife,
Madokotala ndi anamwino a ana,
Blantyre